Mabuluku a m'Chigafa

"Iwe ukufuna awalembe kuti ndi amisala achimwene anga! Ndakudziwa bwino lero!"

Anakuwa chonchi ndi azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, pakhonde la chipatala cha mishoni, anthu onse odikira mankhwala atatembenuka. Ine ndinali nditangomenya kumene ndi chikhatho pawindo la kalaliki wolipiritsa, mpaka galasi kunjenjemera. Bambo anali pabenchi pakati pa ife awiri, atavala jekete lawo lakuda ndi taye, chipewa chili pabondo, akumwetulira aliyense ngati tabwera ku ukwati.

Zimene ndinawayankha azakhali sindizilemba pano. Mlonda anabwera n'kutipempha kuti tikamalizire kunja kwa geti.

Bambo anga anali mphunzitsi wa pulayimale mpaka kupuma, komanso mkulu wa mpingo. Timakhala kufupi ndi Nsaru, pamudzi pawo penipeni, chifukwa mayi anga, amene anamwalira kale, bambo anachita kuwatenga chitengwa. Nanenso mkazi wanga ndinakamutenga ku Kasiya n'kubwera naye kuno. Choncho pamudzi pathu mkazi wanga ndi wobwera, ndipo mawu omaliza ndi a azakhali.

Matendawa anayamba chaka china nthawi yokolola. Mkono wa bambo unachita dzanzi, pakamwa n'kukhota pang'ono. Patapita masiku zinawongoka, ife n'kumati zatha. Kenako zinabweranso, n'kubweranso. Nthawi iliyonse thupi limabwerera, koma m'mutu china chake chimatsalira komweko. Tsiku lina ndili kuchigayo kwanga anandiimbira foni bambo wina wachisilamu wa golosale pa Nsaru, kuti ndibwere msanga koma mosachita phokoso. Ndinapeza bambo ali pakhonde la golosaleyo ndi kamtengo m'manja, akundandalika anyamata a kabaza kuti alowe m'kalasi. Anyamatawo anaimadi pamzere, ena akuseka, ena anali ana awo asukulu enieni kale. Mwini golosale anawapatsa bambo mpando ndi tiyi, n'kundiuza chapansipansi kuti ndisawasiye okha. Ulendo wina anthu anawapeza akuyenda pakati pa msewu wa ku Kabudula, lole ya fodya itaima ndi mabuleki pamapazi pawo.

Mlongo wanga amagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni, ndipo anawalembetsa bambo pa sikimu ya chipatala ya kuntchito kwake. Iyeyo ndiye anandiuza kuti m'tauni muli makina ojambula mutu, oona ngati mitsempha yatsekeka, kuti madokotala adziwe chochita zisanabwerenso. Koma a sikimu ayambe avomera. Tinapempha, anakana. Tinapemphanso, anakananso.

Tsiku la phokosoli ndinapita pawindo kukafunsa kuti vuto n'chiyani. Kalaliki, mnyamata wonenepa masaya wosayang'ana munthu kumaso, anandifotokozera ngati akufotokozera mwana. Anati a sikimu sawerenga nkhani, amawerenga nambala. Nthenda iliyonse ili ndi chilembo ndi nambala yake. Dokotala amalemba nthenda, iye amapeza nambala yake pakompyuta n'kutumiza. Pa bambo anga nambala imene imapita nthawi zonse inali ya bipi basi, ndipo a m'tauni akaona nambala imeneyo amati wodwala bipi amwe mapilitsi, mutu ajambulirenji.

Ndinamufunsa ngati ilipo nambala ya nthenda yoti munthu wamkulu aziiwala chifukwa cha mitsempha ya m'mutu. Anagogoda pakompyuta, n'kunena kuti ilipo, koma imakhala m'gulu la matenda a m'maganizo, ndipo iye sangaiike pokhapokha dokotala atalemba yekha ndi dzanja lake. Azakhali anali kumbuyo kwanga. Iwo mawu oti maganizo sanawamve, anamva misala. Ine ndinamva kuti mnyamatayu akufuna ya fanta. Ndiye chikhatho chija, ndi kukuwa kuja.

Nanga dokotala amalekeranji kulemba? Apa mpofunika ndinene mmene timawakonzera bambo tsiku la kuchipatala.

Kwathu munthu wamkulu sapita kuchipatala ngati wodwala. Azakhali amafika kusanatenthe ndi ayironi ya makala. Malaya oyera asitidwe, jekete lipukutidwe, nsapato zipakidwe polishi, ndevu zimetedwe. Mkazi wanga amatenthetsa madzi n'kuwasiya kubafa, kenako n'kuzimiririka. Bambo akamatuluka m'nyumba amakhala ngati akukatsogolera mapemphero a Lamulungu. Ndipo jekete lija likangokhala pamapewa, mphunzitsi amadzuka. Msana kuwongoka, mawu kukhazikika.

Tikalowa m'chipinda, bambo amayamba ndi malonje. Adokotala mwadzuka bwanji, kunyumba akudzuka bwanji, ana, nanga makolo alipo, kwanu n'kuti, mvula kumeneko yagwa bwanji, mumapemphera mpingo wanji. Malonje sanawaiwale ngakhale pang'ono. Dokotala wake anali wachinyamata, woleredwa bwino, sakanatha kumudula munthu wa imvi. Kunja mzere ukufika kumtengo. Malonje akamatha, nthawi yathu yatsala pang'ono.

Akawafunsa kuti lero ndi lachingati, bambo amaseka n'kunena kuti, "Adokotala, mukufunsa mphunzitsi? Nenani inuyo, tione ngati munkamvetsera m'kalasi." Dokotala kuseka, namwino kuseka. Azakhali pomwepo n'kuponya kuti Lachitatu, eti achimwene? Bambo n'kuvomera kuti Lachitatu, nanga n'kukhala lachingati.

Akafunsa za kunyumba, azakhali amati ali bwinobwino, ukalamba chabe. Ine ndimalowetsa nkhani ya pagolosale ndi ya lole. Dokotala amandifunsa ngati ndimakhala nawo masana. Ayi, ndimakhala kuchigayo. Amasamba okha? Amadya okha? Kuchimbudzi amapita okha? Ine ndimati ndikuganiza choncho. Azakhali amati kwambiri. Ndiye dokotala anandiuza tsiku lina kuti sangalembe nthenda yolemera chotere chifukwa cha nkhani imodzi kapena ziwiri, pakuti ikalembedwa imamutsata munthu kulikonse. Amalemba bipi, timatuluka.

Ine ndinkakayikira aliyense. Kalaliki ndanena kale. Dokotala ndinkati mwina ndi mwana wa munthu wa mumpingo wathu, ndipo wina anamunong'oneza kuti mkulu wa mpingo asamulembe zochititsa manyazi. Mlongo wanga ndinkati pafoni amalankhula zokoma, koma mumtima safuna kuti a kuntchito kwake aone nambala ya m'gulu limenelo pafupi ndi dzina lake. Azakhali ndiye ndinkawaganizira zambiri. Bola achimwene awo akuonedwa ngati munthu wabwinobwino, iwo ndiwo amawalankhulira pa chilichonse: za minda, za maliro, za ukwati wa ana. Amati achimwene anena kuti, pamene achimwenewo sananene kanthu. Nawonso ankandiganizira ine zawo, kuti ndikufuna bambo alembedwe misala kuti nditenge dimba la kudambo. Dimbalo ngakhale atandipatsa lero, ndilibe nthawi yolilima.

Titatuluka pageti paja tinakwera minibasi osalankhulana. Titatsika, tikudikira kabaza, azakhali anayandikira n'kulankhula motsitsa, ngati mkwiyo watha.

"M'malo momenya mawindo a eni, uziyang'ana m'nyumba mwako. Mkazi wako amakatani m'chigafa masana onse, iwe uli kuchigayo?"

Tsiku limenelo kuchigayo sindinabwerereko.

Inali nthawi yoti fodya ali m'chigafa, akuuma. Nditawakhazika bambo pakhonde, ndinazungulira kuseri n'kulowa, ndikuwerama pansi pa masamba. Koyamba sindinaone kanthu. Ndinapitirira mpaka kumapeto, kumene kuli mdima ndipo munthu wodutsa panja sangaone. Pamtanda womaliza, pakati pa fodya, panali mabuluku achimuna, angapo, onyowa, akudontha. Sanali anga. Sanalinso a bambo, chifukwa a bambo ndimawadziwa, ndinawagula ndekha ena mwa iwo. Awa anali achilendo, lina lotuwa, lina la mizeremizere ngati la munthu wa m'tauni.

Ndinaima pamenepo ndikuwerenga amuna onse a m'dera lathu mmodzimmodzi. Wa kabaza amene amamunyamula popita kumsika. Woimbitsa kwaya, amene amaseka ndi mano onse. Wa kalabu ya feteleza. Ndinafika poyesa lina m'chiuno mwanga kuti ndione kukula kwa mwini wake. Linali la munthu woonda. Woimbitsa kwaya ndi woonda.

Mkazi wanga anali akuchokera kumjigo, ndowa pamutu. Ndinamuchingamira pakona ya chigafa n'kumuponyera mabulukuwo kumapazi. Anatula ndowa bwinobwino, osataya dontho, n'kutola mabulukuwo m'fumbi n'kuyamba kuwakutumula. Zimenezo zinandiwonjezera moto. Ndinakuwa kuti anditchulire mwini wake.

"Tsitsani mawu, abambo ali pakhonde," anatero.

Ndinati sinditsitsa. Anati anagula yekha pakaunjika pa Nsaru. Ndinafunsa kuti kugulira ndani, ine ndili ndi mimba yotere. Anangoyang'ana pansi. Ndinamuuza kuti ngati sanena, alongedze, ku Kasiya sikutali. Anayamba kupinda buluku lonyowa ngati louma.

"Pakamwa panga sipangatuluke zimenezo. Ndi apongozi anga. Lowani m'nyumba mwawo, mukatukule mphasa, mukadzionere nokha."

Nyumba ya bambo ili moyang'anana ndi yanga, koma ndinali nditatha nthawi yaitali osalowa kuchipinda. Ndinkangopereka moni pakhomo m'mawa, n'kukwera njinga. Nditatsegula chitseko, chinalira chitini. Wina anali atamanga chitini cha miyala ndi chingwe kuseri kwa chitseko, kuti bambo akamatuluka azimveka. Kuchipinda kunkanunkha sopo, ndipo pansi pa sopoyo panali fungo lina limene sopo analephera kuliphimba. Matiresi amene mlongo wanga anatumiza anali ataimikidwa pakhoma, atathimbirira pakati. Pabedi panali mphasa. Nditaitukula ndinapeza mapepala apulasitiki a m'matumba a feteleza, atasokedwa pamodzi ndi ulusi, mosamala ngati nsalu. Pakona pena panali pozira kumene, dothi likadali lakuda.

Nditatuluka ndinamupeza atakhala pansi kuseri kwa chigafa, atandifulatira pang'ono. Sanawatchule bambo. Ankati munthu wamkulu, ngati akunena za nkhalamba ya mudzi wina. Munthu wamkulu akafika pena, anatero, njira ya kuchimbudzi imamusokonekera, amaima pakati pa bwalo mpaka zachitika. Mabuluku ake satha kuuma onse, ndiye pamafunika ena. Ukawayanika pachingwe anthu amawerenga. Munthu wamkulu amaika ndiwo m'thumba la malaya n'kumati sanadye. Amavala malaya kumiyendo. Madzi a kubafa amangowayang'ana, ndiye umaima kunja kwa mpanda n'kumamuuza chimodzichimodzi, tengani sopo, tsopano thirani madzi, ngati ukulankhula ndi mphepo. Anati zinayamba mvula yapita ija.

Kenako ananena chimene chinamulemera kwambiri. Masiku ena munthu wamkuluyo amamuona iye ngati mayi anga. Amamuitana ngati mkazi wake, kumufunsa kuti bwanji masiku ano akugona nyumba ina. Iye amangogwada patali n'kuyankha kuti akubwera, n'kuthawira kudimba.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anati angayambire pati, kumuuza mwamuna za thupi la bambo ake? Ndinafunsa ngati azakhali akudziwa. Anati azakhaliwo anamupeza tsiku lina akuchapa, n'kumuuza kuti za pamudzi pano sizituluka ndi munthu wobwera.

Ndiye kuti azakhali ankadziwa bwino zimene zinali m'chigafa pamene ankandituma kumeneko. Mpaka lero sindidziwa chimene ankafuna. Mwina ankadziwa mtima wanga, n'kuyembekeza kuti ndimuthamangitsa mkazi wanga ndisanafunse, mboni yokhayo n'kupita ku Kasiya. Mwinanso anatopa nazo, koma pakamwa pawo sipakanatha kunena za mchimwene wawo, ndiye anandilozera kuti ndikapunthwe ndekha. Masiku ena ndimakhulupirira choyambacho, masiku ena chachiwiricho. Kawirikawiri choyambacho.

Sindinapepese madzulo amenewo. Ndinangomuuza kuti mawa apita nafe akamuuze dokotala zonsezi. Anakana. Anati sangakhale pampando apongozi ali pomwepo n'kumanena za mabuluku awo kwa mnyamata wachilendo, bola ndimubweze kwawo. Ndinayambanso kukweza mawu, kuti ulemu wakewo uwaphetsa bambo ndi lole, kuti mitsempha siidikira ulemu.

"Kuchipatala mwakuwa kale lero," anatero. "Akulemberani?"

Ndinapita kukamwetsa ng'ombe zimene zinali zitamwa kale. Pobwerera ndinamufunsa kuti nanga bambo atakhala panja, iye n'kulowa yekha, chitseko n'kutsekedwa? Anati nanga inu? Ndinati nanenso panja. Sanavomere ndi pakamwa. Anangofunsa ngati sopo watsala angakwane kuchapa chitenje chake chatsopano.

M'mawa mwake ndinayamba ndi chigafa. Ndinatenga mabuluku onse aja n'kuwayanika pachingwe cha pabwalo, chimene chimayang'ana khomo la azakhali. Kenako ndinanyamula madzi ndekha, n'kulowa nawo bambo kubafa. Anandiyang'ana modabwa, koma sanakane. Ndinaona mmene aondera, nthiti kuwerengeka, ndipo ndinazindikira kuti buluku la mizeremizere lija linasankhidwa ndi munthu wodziwa chiuno chawo kuposa ine.

Azakhali anafika ndi ayironi yawo, makala akufuka. Anaona chingwe, anaona ine, anaona mkazi wanga atavala chitenje chatsopano ndi nsapato. Ndinawauza kuti lero apume, makabaza ndaitana atatu basi. Anati ndikuvula achimwene awo pamsika. Ndinati kuvula ndawavula kale kubafa, ndipo aka kakhala koyamba kokha. Anaika ayironi pansi n'kukakhala pakhonde pawo.

Ndinkafuna jekete litsale. Koma bambo ataima pakhomo anayamba kupapasa mapewa awo, n'kufunsa kuti apita bwanji kwa anthu chonchi. Ndinakalitenga n'kuwaveka.

Kuchipatala mlonda anandizindikira, n'kunditsatira ndi maso mpaka pabenchi. Nthawi yathu itakwana ndinasuzumira n'kumupempha dokotala kuti ayambe wamva mayi awa okha, ndiwo amakhala ndi wodwala masana. Mkazi wanga analowa atawerama, chitseko n'kutsekedwa. Ine ndinakhala ndi bambo pabenchi. Ndinatchera khutu, koma sindinamve kanthu. Ndinayamba kuganiza kuti mwina angokhala chete m'menemo, kapena akuti ali bwinobwino, ukalamba chabe.

"Mayi alowawo ndi akwanu?" anandifunsa bambo.

Ndinati ndi mpongozi wawo. Anagwedeza mutu n'kunena kuti akuoneka aulemu, koma otopa, mwina mwamuna wawo ndi wovuta.

Anakhalitsa m'menemo mpaka a pamzere kuyamba kung'ung'udza. Potuluka sanatiyang'ane, anapitirira n'kukaima kumtengo. Dokotala anatiitana. Bambo anayamba malonje awo, dokotala anawayankha onse, kenako n'kufunsa kuti lero ndi lachingati. Bambo anaponya nthabwala yawo ija ya mphunzitsi. Panalibe woseka. Dokotala anangodikira. Bambo anatembenukira kumene azakhali amakhala, n'kupeza mpando wopanda munthu. Kenako anayang'ana ine. Tsikulo linali pakamwa panga penipeni, ndipo ndinaluma mlomo mpaka kumva mchere. Bambo anayang'ana chipewa chawo, n'kunena motsitsa kuti lawathawa pang'ono.

Dokotala anafunsanso zina, za chaka, za kumene tili, za ine kuti ndine ndani wawo. Pa ine anati ndine wa chigayo. Dokotala analemba nthawi yaitali kuposa masiku onse, n'kundiuza kuti nthendayi siichira, koma bipi ikagwidwa bwino ikhoza kuyenda pang'onopang'ono, ndipo chithunzi cha mutu apemphanso.

Ndinapita nalo pepalalo pawindo. Kalaliki atandiona anabwerera m'mbuyo ndi mpando wake. Ndinaika manja onse kumbuyo kuti awaone kuti sali pagalasi. Anawerenga, anagogoda, n'kunena kuti yalowa, yapita. Ndinamuuza kuti atembenuze kompyutayo ndione ndekha. Anati sizololedwa. Ndinati ndidikira. Anaitembenuza. Ndinawerenga chilembocho ndi manambala ake, ndinayerekeza ndi zimene dokotala analemba, n'kumuuza kuti asandifulumize, ndiwerengenso kachiwiri.